Kutsata zikhomo ku Laxton

Lachiwiri usiku

Ndafika bwino. Sitima yochokera ku King's Cross inanditula pa Newark Northgate cha m'ma 2 koloko masana, ndipo kuchoka pamenepo ndinakwera takisi chifukwa mabasi olowera kumidzi ya kuno ndi apatalipatali. Pamene timasiya msewu waukulu wa A1 n'kuti dzuwa litapendeka kale. Novembala wa ku England ndi wotero, 4 koloko ikamakwana kunja kuli bii.

Anzanga akuntchito anadabwa nditati tchuthi changa ndikathera m'kamudzi ka anthu mazana owerengeka m'chigawo cha Nottinghamshire, kopanda nyanja, kopanda sitolo yaikulu. Chandibweretsa ndi minda. M'dziko lonse la England, Laxton ndi mudzi wokhawo umene alimi ake akulimabe monga ankalimira makolo awo zaka mazana ambiri zapitazo: minda itatu ikuluikulu yopanda mipanda, mlimi aliyense ali ndi ndime zake zomwazikana pakati pa ndime za anzake, ndiponso bwalo la m'mudzi lomwe limalipiritsa chindapusa munthu akadya malire a mnzake. Agogo anga aamuna anali nduna ya mfumu kwathu ku Dedza. Ndili mwana ndinkawanyamulira kampando popita kukaweruza za malire a minda, ndipo nditamva kuti kuno kuli anthu amene amachitabe zangati zomwezo, mtima sunandilole kukhala.

Chinthu choyamba chimene ndaona mdima usanagwe n'chakuti mafamu ali m'mudzi mwenimweni. Kwina konse kumene ndayendako m'dziko lino, nyumba ya mlimi imakhala payokha pakati pa munda wake, kutali ndi anzake. Kuno nyumba za njerwa zofiira zandandalika m'mbali mwa msewu, iliyonse ndi khola lake, nkhokwe yake ndi thirakitala pabwalo. Mlimi akatuluka pakhomo amaonana maso ndi maso ndi mnzake amene achita naye malire kumunda. Fungo la ndowe lili paliponse, ndipo landikumbutsa kwathu kuposa china chilichonse chimene ndanunkhiza chibwerere.

Mayi amene ndafikira kwawo andibwereka majombo. Ati dothi lakuno silisewera, nsapato zanga zam'tauni sizingabwereko.

Lachitatu

Ndinayambira kutchalitchi cha St Michael, chifukwa mbiri ya mudzi wachingelezi imayambira pamenepo. Liwu loti parishi ife timalidziwa ngati la kutchalitchi basi. Kuno linayamba chimodzimodzi, kutanthauza dera limene wansembe mmodzi amatumikira ndi kulandirako chakhumi. Koma kuyambira nthawi ya mafumu a banja la Tudor, boma linkati likafuna kuti ntchito ina igwiridwe kumudzi, linkangoisenzetsa parishi. Mu 1538 Thomas Cromwell, nduna yaikulu ya mfumu, analamula kuti parishi iliyonse izilemba m'buku maubatizo, maukwati ndi maliro onse, bukulo lizisungidwa m'bokosi lokhoma. Mu 1555 kunabwera lamulo la misewu: parishi isankhe oyang'anira, ndipo anthu azigwira ntchito yokonza misewu masiku 4 pachaka osalipidwa, kenako masikuwo anawonjezedwa kufika 6. Amene tinalambulako msewu wakumudzi mfumu itaitana tikudziwa mmene ntchito yotere imayendera, ena amabwera ndi khasu, ena amabwera ndi chifukwa. Mu 1601 anaonjezera katundu wolemera kwambiri, wosamalira amphawi. Za ameneyu ndilemba ndikapita ku Southwell.

Onse ogwira ntchito zimenezi anali anthu a m'mudzi momwemo, alimi ndi amisiri, osankhidwa chaka ndi chaka, osalandira kanthu. Chaka chino ndiwe wotolera msonkho, chaka chamawa mnzako ndiye akutolera kwa iwe. Ndikuganiza kuti apa m'pamene panagona mphamvu ya parishi, kuti munthu sankalamula anthu amene mawa sadzaonana nawo.

M'tchalitchimo ndinakhalitsa pa manda a banja la Everingham. Anawasema pamwala atagona chagada, amuna atavala zankhondo, mphuno ndi zala zinaperepeseka kalekale. Pakati pawo pali chifanizo chimodzi cha mayi chosemedwa pamtengo, chakuda ndi ukalamba, ming'alu ikuyenda motsata mtengowo. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Miyala ija ikuoneka yozizira, koma mtengowu ukuoneka ngati munthu woti angadzuke. Tchalitchichi chinali chachikulu kuposa lero. Cha m'ma 1860 anachifupikitsa pochikonza. Kukula kwake kukusonyeza kuti Laxton panthawi ina sanali kamudzi wamba. Banja lina lochokera kuno, lotchedwa Lexington potengera dzina lakale la mudziwu, linatulutsa Henry amene anakhala bishopu wa Lincoln, ndi mbale wake Stephen amene anakatsogolera nyumba ya amonke ya Clairvaux ku France.

Kuchoka apo ndinatsata kanjira kopita kumpoto kwa mudzi kukaona pamene panali linga. Khoma palibe. Chatsala ndi chitunda chachikulu chowunjikidwa ndi manja a anthu, ngalande yozungulira, ndi udzu umene ziweto zimadya. Nditakwera pamwamba mphepo inandimenya mpaka misozi, koma dziko lonse linaoneka poyera. M'buku la Domesday, kalembera amene William wa ku Normandy, mfumu imene inalanda England, analamula mu 1086, mudziwu unali m'manja mwa Geoffrey Alselin, ndipo asanabwere anthu a ku Normandy unali wa munthu wotchedwa Toki. Olembawo anawerenga anthu 35, ena mwa iwo akapolo. Pambuyo pake banja la de Caux, limene linkakhala palingali, ndilo linkayang'anira nkhalango ya mfumu ya Sherwood, udindo wosiyirana pamtundu, ndipo Mfumu John anagonapo pano kangapo. Udindowo unadzafika kwa a Everingham kudzera mu ukwati, n'kuwachoka zaka za m'ma 1200 zisanathe. Chichokereni udindowo, Laxton anabwerera kukhala mudzi wa alimi.

Madzulo ndinalowa m'kachipinda ka alendo pafupi ndi Dovecote Inn, nyumba yodyeramo ndi kumweramo ya m'mudzimu, mmene apachika chithunzi cha mapu a 1635. Enieniwo ali ku laibulale ya Bodleian ku Oxford. Anawajambula ndi Mark Pierce, atatumidwa ndi Sir William Courten, wamalonda wa ku London amene anagula mudziwu mu 1625, yemwenso ndalama zake zinatumiza Angelezi oyamba kukakhala pachilumba cha Barbados mu 1627. Courten ankafuna kudziwa chimene wagula kuti aone lendi angaikweze pati. Pierce anayeza ndime iliyonse, naipatsa nambala, nalemba m'buku dzina la woilima. Zinakwana 2,280. Koma sanalekere pa manambala. Ukayandikira umaona tianthu tating'onoting'ono, wina akulima ndi ng'ombe, wina akufesa, ena akumweta udzu. Ndinaika chala pamsewu umene ndayenda lero, ndipo ukukhota pomwe pomwepo.

Lachinayi, tsiku loyendera malire

Ili ndi tsiku limene ndinadzera. Chaka chilichonse kumapeto kwa Novembala, gulu la anthu olumbira, limene amalitcha jury, limapita kukayendera umodzi mwa minda itatu ija. Mayina ake ndi West Field, Mill Field ndi South Field, ndipo imasinthana. Chaka chino munda uwu uli ndi tirigu wofesa dzinja lawo lisanayambe, wachiwiri udzafesedwa mbewu ina kukayamba kufunda, wachitatu ukugona. Chaka chamawa zonse zimasuntha. Mlimi sangadzuke n'kunena kuti ine ndime yanga ndibzalamo zimene ndikufuna. Munda wonse umayendera pamodzi. Umene amauyendera ndi uja unali tsala ndipo wangofesedwa kumene tirigu, poti m'mene mapulawo angodutsamo, ndiye ngati wina wadya malire zikuonekeratu.

Anasonkhana pa Dovecote Inn m'mawa, nakwera pangolo yokokedwa ndi thirakitala, atakhalira mitolo ya mapesi a tirigu. Pangolopo panalinso mulu wa zikhomo zamatabwa ndi nyundo. Ife alendo owerengeka tinatsatira pambuyo, atatiuza kuti tiziyenda paudzu pokha. Majombo aja ndinawathokoza. Dothi lakuno ndi katondo wofiira, womata ngati phala la dzulo, ndipo utayenda pang'ono phazi lililonse limalemera ngati wamangirira njerwa.

Mill Field ndi waukulu, wotseguka mbali zonse, wopanda mpanda wogawa pakati. Munthu wosadziwa angati ndi munda wa munthu mmodzi. Ukayang'anitsitsa m'pamene umaona kuti tirigu wa apa wamera mothithikana, wa pambali pake ndi wapatalipatali, kusonyeza kuti manja ndi osiyana. Pakati pa ndime ndi ndime pali kangalande chabe, ndi chikhomo kumapeto. Palinso mipata ya udzu imene pulawo siloledwa kukhudza, mina ndi njira zodutsamo popita ku ndime, mina ndi madambo ang'onoang'ono otsetsereka amene amawatcha sykes. Udzu wa m'madambowa amaugulitsa pamsika wopikisana mitengo nyengo yotentha, ogula ndi alimi a m'mudzi momwemo. Chifukwa malowa sanalimidwepo kapena kuthiridwa feteleza, muli maluwa ndi zitsamba zimene kwina zinatha, ndipo boma linawaika m'gulu la malo otetezedwa.

Ndinaonerera pafupi pamalo amodzi. Mtsogoleri wa gululo anaima pamene panali chikhomo chakale, chowola, chopendekeka. Anayang'ana kutsogolo kumene kuli china, natambasula dzanja. Pulawo ya wina inali italowa mu udzu wa onse mwina phazi limodzi, dothi lofiira litagadabuzika pamwamba pa msipu. Anthu atatu anayi anazungulira, wina analoza ndi nsonga ya jombo, wina anapukusa mutu, anakambirana motsitsa mawu. Kenako mnyamata wina anaimika chikhomo chatsopano, nyundo inalira katatu, gu gu gu, wina analemba m'kabuku, ulendo n'kupitirira. Sipanatenge mphindi zisanu. Mwini ndimeyo mwina anali pomwepo pakati pawo, poti oyenderawo ndi alimi omwewo.

Pamenepo ndinawaona agogo anga. Iwo analibe zikhomo zamatabwa. Ankaloza mtengo wa msuku, chulu, mzere wa nkhadze umene anabzala malemu uje, ndipo ankaitana okalamba awiri atatu kuti anene pamene khasu linkalekezera kale. Koma kaimidwe kake n'komweko, manja kumbuyo, maso pansi, kulankhula pang'ono. Ankakonda kunena kuti mlandu wa malire suweruzidwa pakhonde.

Bambo wina wachikulire amene ndinayenda naye pambuyo pa gululo anandifotokozera chifukwa chimene ndime zinamwazikirana. Munda waukulu chonchi uli ndi mbali yachonde ndi mbali yolowa madzi, yapafupi ndi yakutali. Aliyense akakhala ndi kagawo uku ndi uku, palibe amene watenga nyama yekha n'kusiyira mnzake mafupa. Ndimezo n'zazitali ndi zopyapyala chifukwa kutembenuza ng'ombe zambiri zokoka pulawo yolemera inali ntchito, ndiye kunali bwino kupita kutali usanakhote. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anaziphatikiza kuti zikule, moti lero sizikwana 200, ndipo thirakitala imatha kulowamo. Anandiuzanso mosabisa kuti kulima motere n'kovuta. Makina amakono anapangidwira minda ikuluikulu, ndipo ambiri mwa alimi akuno ali ndi minda ina yamipanda kapena ntchito ina yowathandiza.

Masana, onse anabwerera ku Dovecote kukadya, ndi kukalemba pepala la olakwa ndi chindapusa chimene akuganiza. Pepalalo likawerengedwa pabwalo Lachinayi likudzali. Ine ndinakhala panja kupala matope ku majombo ndi kamtengo.

Lachisanu, Southwell

Lero mtima wanga walemera, ndipo ndilemba monga ndamvera.

Southwell ndi katauni kakang'ono kum'mwera kwa Laxton, kali ndi tchalitchi chachikulu cha nsanja ziwiri kutsogolo chimene chinakhala likulu la dayosizi mu 1884. Koma ine ndinapitira nyumba ina ya njerwa, yansanjika, imene ili kunja pang'ono kwa tauni. Nyengo yozizira ino ndinaipeza yotseka, ndiye ndinangoima kumpanda. Mkati ndinalowamo chaka chatha nthawi yotentha, ndipo zimene ndinaona sizinandichoke.

Lamulo la 1601 lija linati parishi iliyonse isamale amphawi ake. Ankasankha oyang'anira amphawi, iwo n'kutolera msonkho kwa onse okhala ndi nyumba kapena munda, n'kumapatsa mayi wamasiye kandalama pamlungu, nkhuni, nsapato za mwana, bokosi la maliro. Pamenepa ndimawapatsa ulemu, chifukwa zaka 400 zapitazo anavomereza kuti njala ya munthu mmodzi ndi mlandu wa mudzi wonse. Koma mawu oti "amphawi ake" anabala nkhanza. Ngati tikusamala athu okha, wathu ndani? Lamulo la 1662 linalola kuti mlendo amene akuoneka kuti adzakhala mtolo abwezedwe kuparishi yakwawo pasanathe masiku 40 chifikireni, pokhapokha ngati akuchita lendi malo a mapaundi 10 pachaka. Maparishi ankasumirana, kuwononga ndalama kwa maloya, pokanirana munthu mmodzi wosauka. Amayi oyembekezera osakwatiwa ankawafulumizitsa kudutsa malire kuti mwana akabadwire kwina. Kuyambira 1697 wolandira thandizo ankayenera kusokerera chilembo cha P paphewa la malaya ake. Malire omwewo amene dzulo ndimawaona akusunga mtendere pakati pa alimi, apa anali chikwapu.

Nyumba ya ku Southwell inamangidwa mu 1824 potsata maganizo a wansembe John Thomas Becher. Maparishi 49 anaphatikizana kuti akhale ndi nyumba imodzi ya amphawi, yokwana anthu 158. Maganizo ake anali akuti wofuna thandizo alowe m'nyumbamo, ndipo moyo wa mmenemo ukhale wowawa kuti wopempha akhale yekhayo amene wasoweratu pogwira. Pakhomo banja ankaligawa, bambo uku, mayi uku, ana kwina. Mabwalo anawatchinga ndi makoma kuti asaonane. Amuna ankaphwanya miyala, ena ankamasula zingwe zakale ndi zala mpaka zikhadabo kutha. Boma linaikonda njira imeneyi, ndipo lamulo la 1834 linaifalitsa dziko lonse: maparishi anawamanga m'magulu, gulu lililonse ndi nyumba yake yotere. Laxton anagwera m'gulu la Southwell. Ndiye kuti nkhalamba ya ku Laxton imene yagwira ganyu moyo wake wonse m'ndime za ena, mphamvu zikatha, inkatengedwa ulendo wonse uwu kudzafera pakati pa anthu osawadziwa.

Chaka chatha, m'chipinda china cham'mwamba chimene anachisiya osapaka utoto, ndinaona pansi pamene miyendo ya mabedi inasiya zipsera, motsatana, mothinana. Lero ndili kumpanda ndimayang'ana mazenera a chipinda chimenecho. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, ndipo ndikudziwa mmene munthu amagwirira dzanja lako akazindikira kuti kwawo sadzabwererako.

Kuyambira 1834 mphamvu za parishi zinayamba kuchoka chimodzichimodzi. Chakhumi cha mbewu chinasandutsidwa ndalama mu 1836. Mu 1837 boma linayamba kulemba lokha obadwa, okwatirana ndi omwalira. Zimene mudzi unkachita wokha zinasamukira kumaofesi akutauni.

Loweruka

Mvula tsiku lonse, yamawawa. Ndinayenda wapansi kupita ku Moorhouse, kamudzi ka nyumba zowerengeka kum'mawa, kali ndi katchalitchi kake pakati pa msipu. Dzina la parishi m'mabuku a boma lero ndi Laxton and Moorhouse.

Pobwerera ndinaima pa bolodi la zidziwitso, lagalasi, mapepala atachita chinyezi m'makona. Pamenepo m'pamene pali boma laling'ono kwambiri la dziko lino. Lamulo la 1894 linalekanitsa za tchalitchi ndi za boma, n'kukhazikitsa makhonsolo a parishi osankhidwa ndi anthu, ndipo amayi ankaloledwa kusankhidwa. Kale Laxton anali m'dera lotchedwa Bassetlaw, limodzi mwa magawo akale amene kumpoto kuno ankawatcha wapentake, liwu lochokera kwa anthu a ku Scandinavia. Kuyambira 1894 anakhala pansi pa khonsolo ya kumidzi ya Southwell, ndipo mu 1974 analowa m'boma la Newark, limene lero ndi Newark and Sherwood. Zinyalala ndi zilolezo zomangira nyumba ndi za khonsolo imeneyo. Misewu ndi sukulu ndi za khonsolo ya Nottinghamshire. Ya parishi yatsala ndi zing'onozing'ono, mabenchi, tinjira, kupereka maganizo wina akafuna kumanga, ndi kandalama kochepa kamene amaonjezera pa msonkho wa nyumba. Makhansala ake salipidwa.

Funso limene ndakhala nalo sabata yonse ndi lakuti, bwanji kuno kokha? Midzi yambiri ya pakati pa England inkalima chonchi. Kenako, makamaka pakati pa 1750 ndi 1850, Nyumba ya Malamulo inapereka malamulo masauzande ogawa minda ya onse n'kuitchinga ndi mipanda. Okhala ndi malo ambiri anapindula, zokolola zinakwera, koma wosauka amene ankadalira kudyetsa ng'ombe yake imodzi pamsipu wa onse anatsala manja lende. Laxton anapulumuka osati chifukwa cha chifundo cha munthu. Banja la Pierrepont linagula mudziwu mu 1640, ndipo mbadwa zake, olemekezeka otchedwa ma Earl Manvers a ku Thoresby, zinali ndi gawo lalikulu, koma panali eni malo enanso, ndipo sanamvane za kagawidwe. Pamene a Manvers anadzatenga pafupifupi zonse m'ma 1860, ndalama zawo zinali ku chinyumba chatsopano cha Thoresby Hall, ndipo posakhalitsa mitengo ya tirigu inagwa chifukwa cha tirigu wotchipa wochokera ku America. Podzafika zaka za m'ma 1900 anthu anali atazindikira kuti chatsalachi n'chosowa. Mu 1952 Unduna wa Zaulimi unagula mudziwu kuti usungidwe, mu 1981 unapita ku Crown Estate, bungwe loyang'anira malo a ufumu, ndipo mu 2020 unabwerera kwa a Thoresby.

Ndili pabolodipo ndinaganiza za lamulo lathu la malo a makolo la 2016, lolola kuti munda wa banja ulembetsedwe ndi kukhala ndi chikalata. Sindikulitsutsa, mayi anga aang'ono akanakhala ndi pepala sakanalandidwa dimba amuna awo atamwalira. Koma amene akuyendetsa ntchitoyo ndikanakonda atamva za anthu a ng'ombe imodzi aja. Poyeza malo, wokhala ndi ndime amalembedwa. Amene ankangotola nkhuni, kumweta udzu ndi kumwetsa mbuzi padambo la onse, dzina lake sililowa m'buku.

Mawa ndibwerera ku London, ndili ndi mashifiti atatu. Ndapempha tchuthi Lachinayi.

Lachinayi lotsatira, Disembala

Ndinanyamuka usikusiku kuti ndipeze bwalo lisanayambe. Limakumana m'chipinda cha mu Dovecote Inn momwemo, matebulo atakankhidwira pamodzi, majekete onyowa atapachikidwa pamipando. Dzina lake ndi Court Leet. Mabwalo otere anali m'midzi yambiri kale. Lamulo la 1977 linawalanda mphamvu yoweruza milandu, koma linatchula bwalo la Laxton ndi dzina kuti ilo lisakhudzidwe. Choncho chindapusa cha pano si sewero la alendo, ndi chenicheni pamaso pa malamulo a dziko.

Wotsogolera ndi loya woimira mwini mudzi, amene amamutcha steward. Mlimi wina wokhala ndi udindo wa bailiff ndiye anatsegula bwalo pofuula mawu akale oitanira anthu kuti amvetsere. Kenako anayamba kuitana mayina a onse oyenera kupezeka. Amene sanabwere amamuperekera kakobiri ka mapeni awiri kopepesera, ndipo timakobirito tinkagwa patebulo, ngwe, ngwe, dzina ndi dzina. Ena mwa mayinawo ndinali nditawawerenga pamiyala ya kumanda Lachitatu lapitalo.

Analumbiritsa gulu latsopano loyendera munda chaka chamawa, aliyense atagwira Baibulo. Analumbiritsanso pinder, munthu wogwira ziweto zosokera n'kuzitsekera m'khola la mudzi mpaka mwini wake alipire. Kakhola kameneko kalipo, ka njerwa, pafupi ndi pomwe tinakhalapo, ngakhale masiku ano mulibe chiweto.

Ndiye linafika pepala lija. Uje walima kupitirira chikhomo. Uje sanabwezere dothi limene pulawo inakokera panjira. Uje mankhwala ake opopera afika paudzu wa onse. Ndalama zake ndi mapaundi owerengeka, zoti sizingagule ngakhale mafuta a thirakitala a tsiku limodzi, koma munthu akamva dzina lake makutu amafiira. Bambo wina anaimirira kudziteteza, nati chikhomo chakale chinali chitasunthika iye asanalime. Anamumvetsera mpaka anamaliza. Mtsogoleri wa oyendera anayankha, ena anathirirapo, panali kuseka pang'ono, ndipo anagwirizana zomuchepetsera. Atatha za milandu anakambirana za ngalande yotsekeka ndi za njira imene yakumbika, ndani abweretse makina, liti.

Ndinayang'ana mitu ya anthu m'chipindamo, yambiri ndi yaimvi. Achinyamata analipo, koma ochepa, ndipo mnyamata uja anakhoma chikhomo sabata yatha anali atakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, akumvetsera chilichonse.

Bwalo litatsekedwa ndinali ndi ola limodzi takisi isanabwere. Ndinabwereka majombo aja kachiwiri n'kuthamangira ku Mill Field. Tirigu watalikirako pang'ono, wobiriwira pa dothi lofiira. Chikhomo chija ndinachipeza, thabwa lake likadali loyera, mutu wake utaphwanyika pang'ono pomwe nyundo inamenya, ndipo dothi limene linagwera paudzu wina analibwezera kale m'ndime ndi fosholo. Ndinachijambula, n'kutumiza chithunzicho kwa amalume ku Dedza, amene anatenga mpando wa agogo. Ayankha ndili m'sitima, kufunsa kuti mtengo wake ndi wanji woti chiswe osaudya.